Bokosi la ku Joni si choikapo maluwa

Kwabuka mchitidwe pakati pa ana athu ogwira ntchito ku Limbe ndi ku Blantyre. Akafika kumudzi, kaya ku Namitambo kaya ku Njuli, akumanyamula mtondo wa agogo, lichero, ngakhalenso bokosi lachitsulo limene ambuye awo adabwera nalo kuchokera ku Joni, nakazipaka penti kuti zikongoletse pabalaza. Akuti kumeneko ndiko kusunga chikhalidwe. Ine ndikukana.

Talingalirani za bokosilo. Mwini wake adapita pa Wenela, nakhetsa thukuta m'migodi ya golide, ndipo pachivindikiro adalembapo dzina lake ndi la mudzi wake. Anzake ena sadabwerere: mu 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown nipha Amalawi oposa 70, mpaka Kamuzu adaletsa ulendowo. Lero mdzukulu akufafaniza dzinalo ndi penti wonyezimira, naikapo maluwa apulasitiki! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga mtondo? Kwathu kuno ku Chiradzulu mtondo ndi wa mbumba yonse, si wa mwana mmodzi amene wagula galimoto. Mwini mbumba adafunsidwa kodi? Chigayo chilipo, inde, koma chigwada ndi nsinjiro sapita nazo kuchigayo. Alongo anu otsala kumudzi azikabwereka kwa eni ake pamene mtondo wawo ukusunga maambulera m'tauni?

Lichero lakutha lipachikeni pakhoma, sindikuletsa. Koma yambani mwafunsa akuluakulu amene adaliluka ndi amene ankapetera, mulembe mayinawo kuseri kwake. Bokosi lija lipukuteni fumbi lokha, dzimbiri lake mulisiye.