Njira ya pakhomo pako salambula ndi dalaivala

Lero sindikamba za mtengo wa mbatatesi ayi. Pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndipo ngakhale yachitikira kutali, mumva kuti ikutikhudza tonse.

Ambiri mukumudziwa mwana wa achemwali anga uja ali ku England. Amakhala mumzinda wa Sheffield, ndipo ntchito yake ndi yoyendetsa galimoto yogawa katundu m'makomo. Anthu kumeneko amagula zinthu pa intaneti, nsapato, mabuku, ngakhale chakudya cha galu, iye n'kumakasiya khomo ndi khomo. Salandira pamwezi, amalipidwa potengera kuchuluka kwa katundu yemwe wapereka. Sabata yathayi anandiimbira pa WhatsApp, ndikuona mkono uli m'chikhakha.

Ndinamufunsa kuti mphwanga, chachitika n'chiyani? Akuti kunagwa chipale chofewa, chija amati sinowo. Musaganize za matalala athu aja amaboola fodya ayi. Ichi chimagwa mwakachetechete ngati thonje n'kuunjikana pansi. Masana chimasungunuka pang'ono, ndiye usiku kukazizira madziwo amaundana, pansi n'kukhala poterera ngati galasi. Sheffield ndi mzinda wa zitunda ngati kwathu kuno, ndipo mu Januwale ikamati 4 koloko kwayamba kale kuda. Anafika pa nyumba ina yoti ukwere masitepe kaye kuti ufike pa chitseko. Mwini nyumba sanachotse chipalecho, nyali ya panja osayatsa, chonsecho foni inali itamuuza kuti katundu wanu akubwera lero. Mnyamata anaponda sitepe yachitatu katoni ili m'manja, basi, pansi. Adokotala ati masabata 6 asagwire chiwongolero. Kwa munthu wolipidwa pa katoni, ndiye kuti masabata 6 opanda ndalama. Achemwali anga amadikira ndalama ya feteleza wobereketsa kuchokera kwa iyeyo, ndipo chimanga sichidikira kuti mkono upole.

Maganizo anga ndi awa. Munthu ukaitanitsa katundu, ulendo wa katunduyo sukhala wa dalaivala yekha. Msewu waukulu ndi wa boma, galimoto ndi ya dalaivala, koma kuchokera pa geti kufika pa chitseko ndi pako. Mnyamatayo wandiuza kuti kumeneko khonsolo imathira mchere m'misewu ikuluikulu, chifukwa mchere umalepheretsa madzi kuundana msanga, koma timisewu tating'ono tambiri imatisiya, ndipo pakhomo pa munthu sifikapo. Pamenepo pamafunika mwini wake atenge fosholo m'mawa chipale chikadali chofewa, awaze mchere kapena mchenga, ayatse nyali. Akuti ena amathirapo madzi otentha poganiza kuti athandiza, kumene kuli kuwonjezera vuto, chifukwa madziwo akazizira amaundananso. Ntchito ya mphindi zochepa imeneyi ikanapulumutsa mkono wa munthu.

Ndikudziwa ena munena kuti aaa, koma munthu walipira, ndiye katundu wake afike basi. Zoona walipira. Koma walipira kuti amunyamulire katoni, sanagule mkono wa mwana wa mwini. Komanso kumeneko kuli lamulo loteteza ogula la mu 2015, lomwe limati katundu amakhala m'manja mwa wogulitsa mpaka atafika kwa wogula. Ndiye kuti akasowa kapena kuonongeka m'njira, wogula sataya ndalama yake. Nanga chopanikizira dalaivala n'chiyani? Nsapato zikachedwa masiku awiri sizionongeka. Zoona, pali nkhalamba ndi odwala omwe sangagwire fosholo, ndipo mwina katundu wawoyo ndi mankhwala. Amenewo sitingawaimbe mlandu. Koma ali ndi oyandikana nawo, ndipo fosholo yomwe yakonza pakhomo pako singathyoke ukapitirira nayo khomo lotsatira.

Musaganize kuti ndikuikira kumbuyo mwana wakwathu. Nayenso ndinamuuza zake. Ndinati iwe, unaona masitepe akunyezimira, unakwereranji? Bwanji osaimba foni kuti bwana tsikani mudzalandire pa geti, kapena kubwerera naye katunduyo? Anati, Malume, mukabwerera ndi katundu simulandira kanthu, ndiye mumangoti ndiyesere. Ndinamumvetsa, koma onani pano wataya zingati chifukwa cha katoni imodzi. Kuthamanga sikufika. Yekha anandiuza kuti buku lawo la malamulo a pamsewu limanena kuti pamsewu woundana galimoto ikhoza kufuna mtunda wochuluka ka 10 kuti iime. Anandiuzanso kuti a zanyengo kumeneko, a Met Office, amachenjeza ndi mitundu itatu, ndipo chenjezo lofiira ndi lomwe limatanthauza kuti moyo uli pangozi. Dalaivala wodziwa zonsezi akamathamangabe, akuika pangozi ndi ana omwe akuyenda m'mbali mwa msewu.

Palinso khalidwe lina loipa lomwe anavomera kuti anzake ena amachita. Akaona kuti njira yaipa, amangoponya katoni kuseri kwa geti, pa chipale pomwepo, kujambula chithunzi, n'kulemba kuti katundu waperekedwa. Uku ndi kunama. Ngati walephera kufika, nena kuti ndalephera. Munthu akhoza kukwiya, koma katundu wake akhala wouma. Ndipo mabwana a makampaniwa nawonso asathawe. Sungapatse munthu makatoni a tsiku la dzuwa pa tsiku la chipale, n'kumadabwa akagwa.

Tsopano tibwere kwathu. Kuno sinowo kulibe, timangodziwa chisanu cha mu Juni ndi Julayi chija chimawaula mbewu kudimba. Koma tili ndi matope a Januwale ndi Febuluwale, ndipo mchitidwe wake ndi womwewo. Inu a ku Lilongwe ndi Blantyre mumakweza katundu m'basi kapena m'minibasi, amamutsitsa pa msewu wa M1, kenako timatuma mnyamata wa kabaza kuti afike naye kumudzi. Mvula ikugwa, njinga ikuvina m'matope, ife tili pa foni mphindi zisanu zilizonse, wafika pati, wafika pati. Kodi ayankhe ndi dzanja liti? Akafika, njira yolowera kunyumba yakumbika ndi madzi, mtengo wowolokera pa ngalande ukuterera, galu osamangirira.

Ndisaloze anzanga okha. Chaka chatha ndinatuma mnyamata wina kuti andibweretsere thumba la feteleza. Anafika pa kamtsinje kathu kaja, anapeza kadzadza, anabwerera n'kukasiya thumbalo pa golosale, pouma, n'kundiimbira kundiuza. Ine ndinamulalatira, ndinamudula K1,000 pa ndalama yomwe tinagwirizana, ati chifukwa sanafike pakhomo. Dzulo nditaganizira mkono wa mwana wa achemwali anga, manyazi anandigwira. Mnyamata uja anachita zonse zoyenera. Sanaike moyo wake pangozi, katundu anamusunga bwino, ndipo ananena zoona. Akanawoloka n'kugwa, feteleza akanasungunuka m'madzi, ndipo ine ndikanakhala woyamba kunena kuti ana a masiku ano ndi osasamala. Lero m'mawa ndamusaka pa siteji, ndamupatsa ndalama yake. Anadabwa, anali ataiwala kale.

Inunso anyamata a kabaza mvetserani. Nyengo ino muziyenda ndi pepala la pulasitiki lokutira katundu, chifukwa shuga, ufa ndi feteleza sizigwirizana ndi madzi. Musamanene kuti ndatsala pang'ono kufika muli pa boma penipeni. Mtsinje ukadzadza musawoloke, ngakhale mwini katundu akulonjezeni kuwonjezera ndalama. Ndipo musasiye katundu wa munthu pansi pa mtengo n'kuzimitsa foni. Siyani kwa munthu wodziwika, muuze mwini wake komwe mwasiya.

Inu a m'tauni, katundu wotumiza nyengo ya mvula muzimukulunga bwino, mulembe nambala ziwiri za foni, ndipo mutifunse kaye kuti kumudzi kwacha bwanji musanakweze. Ngati ndi mankhwala a agogo, musadikire atsale a tsiku limodzi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tonse timaipempherera mvulayi, ndiye tisamalipiritse wa kabaza yekha matope ake.

Loweruka likubwerali, 6 koloko m'mawa, ine ndikhala pa njira yathu yochokera kumsewu ndi khasu ndi wilibala. Tikatsegule ngalande, tithire miyala pa malo oterera aja, tisinthe mtengo wowolokera. Amene katundu wake amadutsa pamenepo abwere, ndipo sindikudziwa khomo lomwe katundu wake sadutsapo. Abale a m'tauni amene simungafike, tumizani ya tiyi wa anyamata. Za feteleza wa achemwali, a pabanja tikumane Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, tione chomwe tingasonkhe.