Cinsinsi ca mbiri ya anthu: zimene lamulo lifuna kwa mabungwe a ku Kabwe

KABWE: Mgodi wa mtovu wa m'tauni ya Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma poizoni wake akali m'dothi. Pa cifukwa cimeneci, ana ambiri a m'makomboni a Chowa, Kasanda ndi Makululu akhala akupimidwa magazi. Zotsatira zake zimalembedwa pamodzi ndi dzina la mwana, zaka zake ndi komwe akhala. Kodi ndani ali ndi ufulu woona zolembedwazo?

Yankho lili m'lamulo la Data Protection Act la caka ca 2021, lomwe liika nkhani za umoyo m'gulu la zinsinsi zofunika cisamaliro capadera. Bungwe losonkhanitsa mbiri ya anthu liyenera kulembetsa ku ofesi ya Data Protection Commissioner ndi kupeza cilolezo ca kholo ngati mbiriyo ndi ya mwana. Zinsinsizo zikabedwa kapena kuululika, bungwelo liyenera kudziwitsa ofesiyo pasanathe maola 24.

Lamuloli silikhudza zipatala zokha. Mayunivesite a Mulungushi ndi Kwame Nkrumah amasunga mbiri ya ophunzira, pomwe kampani ya Zambia Railways imasunga ya anchito ake.

Bungwe lophwanya lamuloli lingalipitsidwe cindapusa, koma coopsa kwambiri ndi kutaya cikhulupiriro ca anthu. Kholo likaopa kuti matenda a mwana wake adzamveka pamsika, lingaleke kupita naye kukapimitsa. Mwana wosapimidwa sangalandire mankhwala ocotsa mtovu m'thupi. Motero bungwe losunga bwino cinsinsi liteteza dzina lake komanso moyo wa ana.