Ana athu mwawawerenga mokwanira, bwerani mudzawaone

Ife ndife makolo, alezi ndi akomiti a sukulu za mkombaphala m'midzi ya boma lina la chigawo cha kumwera. Kulemba malipoti sitidziwa. Tangoti tinene zomwe timaona tsiku ndi tsiku, poti zomwe zimalowa m'mafomu n'zochepa.

Chaka ndi chaka kumabwera anthu ndi mapepala. Anyamata ndi angati, atsikana angati, amasiye angati, olumala angati, apita ku Sitandade 1 angati. Timayankha zonse, amalemba, amajambula ana, galimoto n'kuliza. Pambuyo pake timamva pamsonkhano kuti ana a kumudzi sakuchita bwino, akafika ku pulayimale satha n'kugwira pensulo komwe, ambiri amabwereza Sitandade 1. Sitikukana, n'zoona. Koma sitinaonepo fomu yofunsa kuti mwanayo wadya chiyani m'mawa.

M'kaundula maina ndi ambiri. Koma ana amabwera tsiku lomwe kukhitchini kukufuka utsi. Ufa ukatha, pamkeka pamatsala ana oti n'kuwawerenga ndi zala. Tinagwirizana kuti kholo lililonse lizisonkha mbale ya ufa kapena K500 pamwezi, ndipo nthawi yokolola zimatheka. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndani angachotse ufa m'nyumba momwe akudya kamodzi patsiku? Munda wa sukulu tili nawo, amfumu anatipatsa, koma feteleza tilibe. Ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, shuga ndi soya tinaiwalako. Ng'amba ya 2024 inapsereza chimanga chili m'munda. Phala lathu tsopano ndi la mgaiwa ndi mchere, nsinjiro zikapezeka ndiye chikondwerero. Ndipo mayi amene walephera kusonkha amachita manyazi, mwana wake samutumizanso. Mwana wosowetsetsa, yemwe phalalo limamuthandiza kuposa onse, ndi amene amayamba kusowa pasukulu.

Za nyumba tinene pang'ono. Ena timaphunzitsira m'tchalitchi chobwereka, ndipo kukagwa maliro kapena kukakhala msonkhano wa amayi, sukulu palibe. Ena tinali ndi kanyumba kofolera udzu, namondwe Freddy anakagwetsa mu Malichi 2023. Tinauzidwa kuti tiumbe njerwa, malata adzabwera. Tinaumba, tinawotcha, nkhuni tinasenza pamutu. Njerwazo zilipobe, pamera udzu. Chimbudzi n'cha akuluakulu, mwana wa zaka zitatu amaopa kulowamo. Madzi ophikira ndi osambitsa m'manja timakatunga kumjigo wa mudzi wina.

Alezi athu salandira malipiro. Owerengeka anapita ku maphunziro a masabata awiri, ena onse amangoonera kwa anzawo. Mukafika m'mawa mudzamupeza mlezi atalemba a, e, i, o, u ndi makala pakatoni ya sopo, ataipachika pamtengo ndi luzi. Zowerengera ndi zitsekerero za mabotolo, zidole n'zadongo zomwe waumba yekha madzulo. Uku akuimbitsa nyimbo, uku wina wadziipitsira akufunika kumusambitsa, winanso thupi latentha ndipo mayi ake ali kuganyu kutali. Ana akaweruka, iye ndiye atenge khasu apite kumunda kwake dzuwa lili pamutu, anzake akubwerako. Sopo wochapira chitenje chomwe wabereka nacho ana a eni amagula yekha. Tinamva kuti alezi ena m'dziko muno anayamba kulandirako kangachepe pamwezi, kuno sikanafike. Nthawi yopalira mlezi akasowa sabata yathunthu, tingamudzudzule bwanji? Nayenso ana ake amadya. Amene waphunzirako bwino, posakhalitsa amapita m'tauni kukalembedwa ntchito kusukulu za mkaka zolipira, ife n'kuyambiranso ndi wina.

Sukuluzi akuti n'za ana a zaka 3 mpaka 5. Bwerani muone. Pali wa zaka ziwiri yemwe wabwera pamsana pa mkulu wake chifukwa kunyumba kulibe womusiyira. Pali wa zaka 7 yemwe anayenera kuyamba pulayimale ali ndi zaka 6, koma pulayimaleyo ili pamtunda wa ola lathunthu ndipo panjira pali mtsinje wopanda mlatho. Onsewa mkeka umodzi, mlezi mmodzi. A kutsidya mvula ikayamba sitiwaonanso mpaka madzi ataphwera. Mwana wosayenda amabwera masiku omwe mayi ake ali ndi mphamvu zomubereka. Wosamva amangokhala pambali kuyang'ana, palibe anaphunzitsidwa momuthandizira. M'fomu onsewa analembedwa kuti ali pasukulu.

Ana athu akapita ku Sitandade 1 amakapeza anzawo oposa 100 atakhala pansi, mphunzitsi mmodzi. Mwana wa pamsika yemwe makolo ake anamulipirira sukulu ya mkaka amafika akudziwa kale kulemba dzina lake, amakhala kutsogolo. Wathu amakhala kumbuyo, chaka chikatha abwereze, chinanso abwereze, kenaka manyazi amugwire poti wakula pakati pa tiana. Maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ambiri mwa ife tinalowa sukulu nthawi imeneyo ndipo timayamika. Koma kalasi ya pansi pakeyi inasiyidwa m'manja mwa anthu osauka kuti adzionere okha.

Mutikhululukire ngati mawu athu akuwawa, si khalidwe lathu kulankhula chonchi kwa akuluakulu. Koma zimapweteka kumva pamsonkhano kuti makolo a kumudzi sasamala za sukulu, pomwe njerwa tinaumba ndife, ufa timasonkha ndife, ophunzitsa ndi ana athu omwe, opanda malipiro. Tatopa kuwerengedwa. Mafuta a galimoto yodzatiwerenga amapezeka chaka chilichonse, thumba la soya ndiye losapezeka?

Inu amene mumasunga mapepala athu, tikupempha ufa wa phala wa miyezi ya njala, malata a njerwa zomwe tinaumba, ndi malipiro a alezi ngakhale ochepa, bola azibwera mwezi ndi mwezi. Ulendo wina mukamadzabwera ndi mafomu, mudzabwere mu Febuluwale, m'mawa, osatidziwitsa.