Kodi ulosi umadzikwaniritsa wokha?

Ophunzira ambiri mukakumana ndi ulosi woopsa m'nkhani mumangoti, "Basi, zinalembedwa." Yankho lotere ndi loperewera.

Taonani mabuku a nkhani zopeka za sayansi a Frank Herbert. M'buku la Dune (1965), Paul Atreides akuona m'masomphenya nkhondo yoopsa yomwe idzamenyedwe m'dzina lake. M'buku lotsatira, Dune Messiah (1969), papita zaka 12 ndipo anthu 61 biliyoni afa. Ulosi wakwaniritsidwadi. Koma waukwaniritsa ndani?

Anthu a mtundu wa Fremen, okhala m'chipululu cha Arrakis, ankadikira mpulumutsi chifukwa gulu la amayi la Bene Gesserit linafesa dala chikhulupirirocho kalekale. Paul ankazidziwa izi, komabe anavomera kukhala mpulumutsiyo pofuna kubwezera imfa ya bambo ake, Leto. Anthu atamukhulupirira, motowo unamukanika kuzimitsa.

Maganizo anga ndi akuti ulosiwu anaukwaniritsa ndi anthu. Kalosera amangotionetsa msampha, koma wopondapo ndi mpangankhani mwini. Choncho pamayeso musamangobwereza zomwe zinaloseredwa. Fotokozani zomwe mpangankhani anasankha, chifukwa chake, ndi amene anavutika nazo. Malikisi agona pamenepo.