Mphunzitsi akatopa, chimangirizo chimayamba kusowa

Aphunzitsi anzanga, mnzanu akataya mtima pa ntchito musayembekezere kuona kalata yotsanzika. Ambiri sachoka. Amafika m'mawa, amasayina m'buku, amaitana mayina a ana, koma mtima unapita kalekale. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linafotokoza kuti kutopa kotereku kumabwera ntchito ikamapanikiza munthu nthawi yaitali popanda chosintha. Linatchula zizindikiro zitatu: kutha mphamvu, kuipidwa ndi ntchito, ndi kuchepa kwa zimene munthu amakwanitsa.

Taganizirani mphunzitsi wa Chingerezi wa giredi 4 ku Tembisa kapena ku Katlehong, m'dera la Ekurhuleni ku South Africa. Kwa zaka zambiri, kalasi imeneyi ndi pamene ana ambiri amasiyira kuphunzira m'chiyankhulo cha kwawo n'kuyamba kuphunzira zonse m'Chingerezi. Patsogolo pake pakhala ana olankhula Chizulu, Chisotho ndi Chitsonga, mwinanso mwana wa Mmalawi amene kunyumba amalankhula Chichewa. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 mwa 100 aliwonse a giredi 4 m'dzikomo sankatha kumvetsa zimene akuwerenga. Pamwamba pa mtolo umenewu, silabasi ya CAPS ili ndi mayeso ake oti alowe m'mafayilo, ndipo bungwe la SACE limafuna mapointi 150 a maphunziro owonjezera pa zaka zitatu zilizonse.

Munthu wotereyu akalemedwa, atula chiyani? Mafayilo sangawasiye, poti akuofesi ya maphunziro adzawafuna. Amatula chimene palibe amabwera kudzachiona: chimangirizo. Kuchonga makope 50 a zimangirizo kumadya usiku wonse, pomwe ntchito yongodzaza mawu m'mipata ana amachongerana okha. Ndiye amayamba kupereka za m'mipatazo sabata ndi sabata. M'kalasi muli bata, mafayilo ndi odzaza, koma ana asiya kulemba maganizo awo.

Ena amati umenewu ndi ulesi. Ine ndikukana. Kawirikawiri amene amafika apa ndi yemwe uja ankachonga mpaka pakati pa usiku, wina osamufunsa n'komwe kuti zikuyenda bwanji. Kumukalipira kumangomuphunzitsa kukonza mafayilo mwaluso kwambiri.

Kaya muli ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, ngati ndinu mphunzitsi wamkulu kapena mkulu wa gawo la ziyankhulo, sabata ino tengani makope asanu a ana muone tsiku limene chimangirizo chinachongedwa komaliza. Likakhala lakale, khalani pansi ndi mphunzitsiyo, mumufunse kuti pa ntchito za mapepala ndi iti imene mungamuchotsere teremu ino.