Mlendo ndi mame

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ku Zomba mwambiwu sitichita kuumva kwa ena. Likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, mabwana adanyamuka, ndalama n'kuwatsata. Lero wageni wa kuno amadyera alendo awiri: wophunzira wa payunivesite ndi wodzaona phiri.

Pitani ku Chikanda sukulu ikatsekera. Chiwaya cha chipisi chazizira, wakabaza akungowodzera pansi pa mtengo. Kwerani msewu wa Ku Chawe, muone anyamata a masitiroberi ndi mabulosi akuthamangira galimoto imodzi, katundu wofanana, mtengo n'kumagwetserana okhaokha. Zotsala madzulo zimavunda.

Amene ndawaona akukula m'geni sikuti ndi anzeru kuposa anzawo ayi. Amangodziwa kuti wofuna mame amalawirira. Phindu la nyengo ya alendo amaliponya kubanki m'khonde kuti mpamba usadyedwe miyezi youma. Chiwongoladzanja chiliko, inde, koma chimabwerera kwa eni ake pa tsiku logawana, pomwe cha katapila chimapita osatsanzika. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wopikulira katundu udalumpha, ndipo wokhala ndi pobwereka ndiye adapikulabe. Foni nayo yathandiza: wolandira pa Airtel Money kapena Mpamba sabweza kasitomala chifukwa choti m'thumba mulibe ndalama.

Chondipweteka ine ndi zipatso zija. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Anyamata khumi atasonkherana poto, shuga ndi mabotolo, n'kukatenga chiphaso ku Malawi Bureau of Standards, zovundazo zikhoza kusanduka jamu, ndipo jamu sadikira mlendo, amamutsata ku Blantyre. Wina ati chiphasocho n'chodula. N'zoona, n'chifukwa chake sichofunika kuchiyendera wekha.

Koma zonsezi zatsamira pa phiri. Mlendo amakwera kudzaona nkhalango, Chingwe's Hole ndi Emperor's View, malo omwe adatchulidwa pokumbukira ulendo wa Haile Selassie. Zitsa ali nazo kwawo. Madzi a m'mipopi ya mumzinda, omwe malesitilanti ndi nyumba zogona alendo zimadalira, amachokera kudamu la Mulunguzi pamwamba pomwepo. Inu akhonsolo ndi a zankhalango, moto wolusa ndi nkhwangwa zikumaliza mpamba wa wageni aliyense wa ku Zomba. Kwerani phirilo mukaone nokha.