Galimoto ikamanjenjemera AC itayatsidwa, musathamangire kuphwasula injini

Sabata yatha ndidakwera Sienta kuchoka pa Rumphi boma kutsikira ku Chiweta, pamodzi ndi amayi anayi okaoda usipa. Amene adatsikapo chikweza cha Chiweta nyengo yotentha akudziwa: kumtunda kamphepo kayaziyazi, kufika kunyanja ngati walowa mu uvuni wa njerwa. Titaima kudikira mnzathu wina, mayi mmodzi adachonderera dalaivala kuti ayatseko AC. Kungodina batani, galimoto yonse idayamba kunjenjemera ngati yagwidwa malungo, mabeseni kumbuyo ali gwede gwede.

"Mwaona amama? N'chifukwa chake sindiyatsa. Amakaniko akuti injini yatha, iphwasulidwe," adatero dalaivalayo.

Ine mtima udangoti myuu. Ambiri a inu pamsika mudagula ka Sienta, ka Probox kapena ka Vitz ndi ndalama ya tomato ndi kaunjika, yosonkha zaka. Kuphwasula injini si masewera, mpamba wonse utha kupita. Ndiye tiyeni timvetsetse kaye chomwe chimachitika.

AC siizizira yokha ayi. Ili ndi kompulesa, chipangizo chopanikiza gasi, ndipo chimazunguliridwa ndi lamba wochokera ku injini. Mukadina batani mumamva kuti "kha!" Pamenepo maginito agwira kompulesa, ndipo injini yasenzetsedwa katundu. Nthawi yomweyo fani ya kutsogolo yayamba, fani ya mkati yayamba, ndiye alitaneta nayo ikukoka kuti ipereke magetsi.

Pamsewu mukuthamanga simungamve kanthu, chifukwa injini ili ndi mphamvu zotsala. Koma galimoto ikaima, injini imangozungulira maulendo 700 kapena 800 pa mphindi, mphamvu yongokwana kuti isazime. Zili ngati wakabaza amene akupalasa pang'onopang'ono, wina n'kumuponyera thumba la chimanga pa kaliyala. Adzapepesuka basi.

Opanga galimoto adaziganizira izi. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti AC yayaka, imatsegulira mpweya ndi petulo woonjezera kuti injini ikwere pang'ono. Yang'anani singano ya injini pa dashibodi: imayenera kutsika pang'ono n'kubwerera, kapenanso kukwera. Kanjenjemera ka sekondi imodzi si matenda. Komanso dziwani kuti Vitz ndi Passo zambiri za injini ya 1.0 zili ndi masilinda atatu okha, ndiye zimanjenjemerako mwachibadwa kuposa Sienta ya 1.5 ya masilinda anayi.

Vuto ndi pamene singano yatsika n'kukhala pomwepo, galimoto n'kumafuna kuzima. Apa woyamba kumuganizira ndi fumbi. Yendani ulendo wa ku Hewe kapena wokwera ku Nyika chilimwe, muone mmene tsitsi limasandukira lofiira. Injini nayo imapuma fumbi lomwelo. Sefa ya mpweya imatsekeka, ndipo pakhosi pa injini, pomwe amakaniko amati throttle body, pamamatirira mwaye wosakanikirana ndi mafuta. Kompyuta ikuti "tsegula," mpweya osadutsa wokwanira. Kutsuka pamenepo ndi ntchito yosafika ndi tsiku lomwe. Ndipo chonde, sefa ikatha gulani ina. Zoimenyetsa pa tayala n'kuibwezera ndi kunamiza mwana.

Wachiwiri ndi mapulagi. Pulagi yotopa imaphonya moto injini ikalemedwa, ndipo AC ndi imene imaulula.

Wachitatu, amene ndikumukayikira kwambiri pa Sienta tidakwera ija, ndi ma mounting, zotsamira za labala zomwe injini imakhalapo. Ntchito yake n'kumeza kugwedezeka kuti kusafike pa mpando wanu. Galimoto izi zidabwera kuchoka ku Japan zitayenda kale, kenaka ife n'kuzisenzetsa matumba ndi anthu asanu ndi atatu m'maenje. Labala amang'aluka. Injini ikhoza kukhala yabwinobwino, koma thupi lonse likuvina. Chizindikiro chake: singano ili pamalo pake, koma kunjenjemera kumakula mukaika giya pa D mutaponda buleki, n'kuchepa mukabweza pa N.

Kompulesa nayo imatha kulimba, makamaka ikadzazidwa gasi wopyola muyeso ndi anyamata odzaza mongoyerekeza opanda geji. Mukamva lamba akulira kwiii, zimitsani AC msanga. Pa galimoto zambiri lamba yemweyo ndi amene amazunguza alitaneta ndi pampu ya madzi, ndipo akadukira pakati pa chikweza usipa wanu udzafika pamsika utanunkha.

Injini yothadi imadzionetsa ndi zina: utsi wabuluu, kumwa oyilo, kulephera chitunda ngakhale AC ili yozima. Mmakaniko akati "phwasulani," muuzeni ayeze kaye kompuleshoni inu mukuona.

Kwa amene mukusunga ndalama yogulira galimoto, nayi mfundo yaulere. Wogulitsa akati "AC ingofuna gasi," musavomere msanga. Injini itenthe, yatsani AC ndi magetsi onse, ikani pa D, pondani buleki, dzanja pa chiwongolero. Mudzadziwa zambiri kuposa zomwe akukuuzani.

Dalaivala uja ndidamufotokozera zonsezi tikudya nsomba yootcha pa Chiweta. Adangopukusa mutu n'kuti, "Adada, ndiye ndalama ya fodya ndikadaitaya." Wati ayamba ndi sefa ndi ma mounting. Pobwerera tidangotsegula mawindo.